Mfunda wa Madzi

Ba Mabvuto analavula, nalavulanso, napukuta lilime ndi kolala ya shati. Kenako anayang'anitsitsa kabotolo kali m'manja mwawo ngati kawatukwana.

"Si kachasu," anatero. "Ni vintu vosasa monga ndimu."

"Ndani anakuuza kuti ulawe?" anafunsa Ba Eunice, mlongo wawo wamkulu, manja ali m'chiuno. "Safunsa anadya phula. Ukafa naiwe uzalilidwa na ndani? Misozi tinasiliza pali Yotamu."

Awa ndi Ba Mabvuto omwe aja analumbira pamanda, dothi likadali m'manja, kuti mowa ausiya polemekeza mkulu wawo. Anthu anagwedeza mitu, ena mpaka anati ameni. Koma madzi saiwala khwawa. Sabata isanathe, atangoona tibotolo toyera m'tiranki ya malemu, pakhosi panawayabwa.

Tirankiyo inapezeka kunsi kwa bedi pamene achibale ankatulutsa katundu wa Yotamu Njobvu kuti agawidwe. Ankayesa apezamo masuti. Anapezamo tibotolo tapulasitiki todzaza madzi, kalikonse chivindikiro chili chomata ndi tepi, pamimba patalembedwa dzina la mwezi. Munalinso magolovesi, jekeseni wopanda singano, ndi kabotolo kakuda ka fungo lolasa mphuno. Ba Eunice ataona zimenezi anatulutsa aliyense m'chipindamo, nasanja tibotoloto m'bafa losambira, nalibisa kuseri kwa nyumba.

Mantha awo anali ndi pochokera. Ba Eunice ankagulitsa nsomba pamsika wa Kafue, ndipo asodzi anali atawanong'onezapo kuti mchimwene wawo amapita kumtsinje mwezi ndi mwezi, atavala magolovesi, n'kumatunga madzi akulankhula ndi mtsinjewo. Nthawi imeneyo anawakalipira asodziwo mpaka anatsitsa okha mtengo wa nsomba. Yotamu anali mkulu wa mpingo. Anagwira ntchito zaka zambiri mu labu ya fakitale ya feteleza, ndipo pamene boma linayamba kugulitsa makampani, antchito n'kumachotsedwa, anzake ena anatsegula tuntemba, timagolosale tam'mbali mwa msewu, ena anayamba kugulitsa zovala za salaula, ena anangoyamba kumwa. Iye anapeza kadimba chakufupi ndi Shimabala, nalima repu ndi tomato, osadandaulira munthu. Munthu wotereyu n'kumveka kuti ankasunga mankhwala kunsi kwa bedi? Mawa lake masana anthu a mpingo ankabwera kudzapemphera katundu asanagawidwe, ndipo Ba Eunice anatsimikiza kuti ofikawo asapeze kabotolo ngakhale kamodzi.

Anali atamufunsa wamasiye. Ba Emelia, atakhala pamatiresi pansi pabalaza monga mwambo unenera, duku lakuda lili kumutu, anangoyankha motsitsa mawu kuti, "Ni va Winfrida." Yankho limenelo linaipitsiratu zinthu. Winfrida anali mwana yekhayo wa m'nyumbayo, ndipo chiyambire sukulu sanalepherepo mayeso. Ba Eunice anawerengera okha m'mutu mwawo, ndipo zimene anapeza sizinawagonetse tulo.

Ba Mabvuto akadali kulavula, geti linalira. Analowa mtsikana wamtali, wakhungu lopsa ndi dzuwa, chikwama chili kumsana ndipo fumbi la minibasi ya ku Lusaka lili m'tsitsi. Anali Winfrida. Bambo ake atamwalira iye anali pa sitima ya ofufuza, pakati pa nyanja kufupi ndi gombe la Mozambique, ndipo uthenga unam'peza mochedwa. Pamene sitimayo inkakocheza ku Cape Town, kumene ankaphunzira, manda anali atakwiriridwa kale.

Analira ndi mayi ake nthawi yaitali. Amayi oyandikana nawo anabwera kudzam'thandiza kulira, pakuti wofika mochedwa pamaliro sasiyidwa kulira yekha. Atatha anatuluka kukasukusula kuseri kwa nyumba, ndipo kumeneko anaona bafa lija lili padzuwa.

"Mabotolo yanga," anatero, akuthamangira kukaliphimba ndi thupi lake. "Ndani wayaika pa zuba?"

Ba Eunice ndi Ba Mabvuto anayang'anana.

"Wavomela yeka," anatero Ba Mabvuto.

"Kamba pang'onopang'ono, bantu bazamvela," anatero Ba Eunice, akum'koka mkono. "Mwana iwe, ise tinali kunyada kuti mutu ni wako. Kansi ma degili yonse aya yanali kuchokela pansi pa bedi?"

Winfrida anawayang'ana, kukamwa yasa. Atamvetsa chimene akutanthauza, kuseka kunam'tulukira pamodzi ndi misozi yotsala, mpaka anakhala pansi pafupi ndi mpopi. Chimwalirire Yotamu, aka kanali koyamba kuti munthu aseke pabwalo limenelo, ndipo Ba Eunice sanakondwere kuti wosekedwayo anali iwo.

"Ba Anti, aya ni manzi ya mu Kafue chabe. Ba Dadi banali kunitapila. Ni ya nchito yanga ya maaisotopu."

"Matope yaja?"

"Ayi, si matope."

Mlandu wa matopewu unali wakale. Yotamu ankakonda kuima pamsika n'kumauza aliyense kuti mwana wake akuphunzira za maaisotopu. Msika wa Kafue ulibe nthawi ya mawu aatali, choncho unadula liwulo mpaka linatsala matope. Mpaka lero, ukafunsa pamsikapo za mwana wa Njobvu, akuuza kuti ndi dokotala wa matope, ndipo ena amam'mvera chisoni kuti anakwera ndeke kukafuna chinthu chimene chili mbwee kuseri kwa siteshoni.

Winfrida analowa m'khitchini natuluka ndi ketulo ndi supuni. Anapala mkati mwa ketuloyo, nagwetsera zoyera zija m'dzanja la azakhali ake.

"Ivi ni chani?"

"Ni laimu. Manzi ya kuno yaononga maketulo."

"Mu laimu muli chintu chamene tiitana kashiamu. Ili mu myala ya ku Shimabala, mu chikoko cha dzira, na mu mafupa yanu. Mvula ikagwa isungunulako pang'ono. Kafue itenga, ipasa Zambezi, Zambezi ikatula mu nyanja. Kuja nkhono na tuzilombo twina tumangila nayo tunyumba twao."

"Manje?"

"Manje nyanja siilandila ku mitsinje chabe. Kuli manzi yoyenda pansi pa nthaka, kuli na akasupe otentha pansi pa nyanja penipeni. Vonse vileta kashiamu. Ine nifuna kuziba kuti yochuluka bwanji ichokela kuti."

Ba Eunice anapukusa mutu. "Vikasakanizika vasakanizika. Ungachose mchele mu ndiwo?"

"Kuchosa siningakwanise, koma kuziba kwao ningazibe. Kashiamu siili mutundu umozi. Ili yopepuka, ili na yolemelako pang'ono. Ndiye maaisotopu. Kwamene yachokela, yopepuka na yolemela isakanizika mosiyanako, kusiyana kung'ono maningi, koma makina yatu yapima."

Ba Eunice anafikisa laimu uja ndi chala, akuganiza. Anali mayi woti zinthu sazivomera msanga, koma akazigwira sazitaya.

"Monga pa malilo," anatero potsiriza. "Bantu bazula yadi yonse, bonse mu vitenge. Koma ukafunsa mfunda uziba kuti uyu ni wa kuchimuna, uyu ni wa kuchikazi. Kansi na manzi yali na mfunda."

"Mwafika pafupi, ba Anti."

"Nanga iyi yamene nalawa?" anafunsa Ba Mabvuto, akukweza kabotolo kawo mwamanyazi. "Sinizafa?"

"Simuzafa. Muli kadonto ka asidi chabe, kosungila manzi. Koma botolo yafa ndiyo. Mata yanu yali na kashiamu. Manje iyo mfunda wake ni Njobvu."

Anachita mwayi kuti mwezi umenewo Yotamu anatunga mabotolo awiri. Enawo analibe anzawo. Winfrida anafotokoza kuti madzi a dzinja, pamene mtsinje wadzaza, safanana ndi madzi a chilimwe, ndipo kuti adziwe zimene Kafue amatumiza kunyanja ankafunika chaka chathunthu, mwezi uliwonse botolo lake. Madzi a m'nyanja anali atatunga yekha pa sitima. A mumtsinje anawasiya m'manja mwa bambo ake, chifukwa munthu wa mu labu sauzidwa kawiri za kusamala botolo. Zitati zitayike, panalibenso chaka china choyambirapo, ngakhale bambo wina wom'tungira.

Ba Eunice anamvetsera mpaka pamapeto. Anasasa laimu m'manja, napukutira pachitenje.

"Va sukulu namvela," anatero. "Manje niuze ichi. Sukulu ndiye inamuuza kukamba na mumana?"

"Kukamba na mtsinje?"

"Basodzi banamuona. Atapa, atila, akamba. Atapa, atila, akamba. Anali kukamba na ndani mu manzi?"

Winfrida anayesa kukumbukira. Iye ndiye anaonetsa bambo ake zonse: kutsukuluza botolo ndi madzi a mumtsinje momwemo, kusefa ndi jekeseni uja, kudontheza asidi, kumata ndi tepi, kusunga pamdima. Za kulankhula sanawauze. Anayesa kunena kuti mwina ankaimba nyimbo za mpingo, koma ngakhale mwana wa m'Kafue ankadziwa kuti Yotamu akayamba kuimba, kwaya inkasokonekera ndipo agalu a m'mayadi ankayankha.

"Waona," anatero Ba Eunice. Mawu awo anali atafewa, koma sanasinthe. "Naiwe suziba. Ine sinidana naiwe, Winfrida. Koma uja ni mulongosi wanga, ninamubeleka pa musana. Sinizalola kuti bantu bazikamba ati Njobvu anali kuyenda na Baibo mu kwapa, mankwala pansi pa bedi. Mailo kuseni manzi aya yabwelela kwamene yanachokela."

"Mulamu."

Onse anatembenuka. Ba Emelia anali ataima pakhomo la kukhitchini, atagwira feremu. Wamasiye saimirira kuyankha akuchimuna maliro asanathe, ndipo chiyambire Loweruka la maliro mawu awo anali asanapitirire pabalaza.

"Nipelekezeni ku mumana mailo," anatero. "Botolo ya mwezi uno ikalibe kutapiwa. Ndiye yosiliza. Mukaona, muzachita vamene mufuna."

Ba Eunice anatsegula pakamwa kuti akumbutse za mwambo, nakumbukira kuti mwini wake wa mwambowo panyumbapo anali iwo. Wamasiye sangatuluke yekha, koma mlamu wake akam'perekeza palibe woletsa.

"Tizayenda," anatero. "Na bafa izayenda."

M'mawa mwake anthu a m'Kafue anaona zachilendo. Patsogolo panali wamasiye atavala zakuda. Pambuyo pake dokotala wa matope, atanyamula magolovesi ndi jekeseni. Kenako Ba Mabvuto, atakumbatira bafa, thukuta lili kamukamu, ndipo kumapeto Ba Eunice, akuponya maso uku ndi uku kuti aone amene angayerekeze kufunsa. Anadutsa pa siteshoni, pamene mabogi akale ankachita dzimbiri m'udzu, nalambalala msika. Mnzawo wina wa pansomba anafuula kuti, "Ba Eunice, mwayamba kugulisa manzi?" Iwo anamuyankha kuti ayambe walipira lendi ya tebulo lake, ndipo ulendo unapitirira.

Ba Emelia sanaime padoko la asodzi. Anatsata kanjira ka m'mabango mpaka kumtunda kwa mlatho wa njanji, kumene ngalande za m'tauni sizifika. Panali mwala wafulati wolowa m'madzi, ndipo namasupuni anali atakankhiridwa kumbali ndi mtengo wansungwi umene unali chigonere pomwepo. Winfrida ataona mtengowo, pogwirira pake patasalala ndi manja a bambo ake, anautola, nausisita, nauika pambali. Anavala golovesi limodzi, linalo linam'kanika.

"Leta," anatero mayi ake.

"Ba Mami, pafunika..."

"Niziba. Kuchokela pamene mendo ya atake Winfrida yanayamba kuvimba, ndine ninali kugwada apa. Beve banali kunkala paja, kunilamulila monga kapitao."

Ba Emelia anavala magolovesi ena, nakwinya manja a diresi lakuda, nagwada pamwala. Anamiza botolo lopanda kanthu moyang'anitsa kumtunda, nalitseka, nalikhutchumula. Atatero anatembenukira kumunsi kwa mtsinje, kuti madzi otsukuluzira asabwerere potungira, nayamba kuthira pang'onopang'ono.

"Banali kukamba so," anatero, osayang'ana munthu. Anakonza pakhosi, ndipo mawu anatuluka okhuthala, a mwamuna wawo enieni. "Iwe Kafue, uyende bwino. Ukafika ku nyanja umupase moni Winfrida. Umuuze kuno tili bwino."

Chapatali msodzi wina anaimitsa nkhafi.

Ba Emelia anamizanso botolo, nakhutchumula, nathira.

"Umuuze azidya. Mabuku si nshima."

Winfrida anagwira pakamwa ndi dzanja lake la golovesi limodzi lija.

"Yosiliza inali ya nyuzi," anatero Ba Emelia ndi mawu awoawo. "Inali kusintha mwezi na mwezi. Tomato yabala. Nkuku yaswa. Mabvuto aleka moba futi."

"Ah, mulamu," anadandaula Ba Mabvuto.

"Manje iyi yeve siinali kusala." Anamiza, nakhutchumula, nathira, mawu a Yotamu atabwereranso. "Umuuze ba Anti bake bakali kukalipa, ndiye kuti bali bwino."

Ba Eunice anatulutsa kaphokoso kosadziwika bwino, kaya kuseka kaya kulira. Anakhala pansi m'mabango momwemo, osasamala za chitenje chawo chatsopano, mapewa akugwedezeka.

"Chipuba," anatero, kutanthauza chitsiru. "Chipuba cha mwamuna. Bantu batuma makalata, yeve atuma mumana."

"Banati mwana akamba kuti manzi aya yafika kwamene asebenzela," anatero Ba Emelia. "Banati Kafue siifuna sitampa."

"Nanga iwe unali zii chifukwa chani? Ine nausiku sinigona."

"Ninakuuzani kuti ni va Winfrida. Vinangu ivi ninali na nsoni. Mukulu wa mpingo kutuma moni pa manzi, sembe munamuseka."

"Manje sinimuseka?" anatero Ba Eunice, akupukuta m'maso ndi nsonga ya duku.

Winfrida anavala golovesi lachiwiri lija. Analandira botolo lotsukuluzidwalo, nakoka madzi ndi jekeseni, nawasefera m'menemo mpaka linadzaza. Anadontheza asidi, namata tepi, nalemba dzina la mwezi. Zilembo zake zinali zopendekera ngati za bambo ake, ndipo ataliika m'bafa pakati pa anzake, silinkaoneka lachilendo.

Ba Eunice ankayang'ana kumunsi, kumene mtsinje umakhotera kumapiri.

"Manzi aya yafika liti ku nyanja?" anafunsa.

"Yachedwa, ba Anti. Pali madamu mu njila. Ili ku Mozambique ni ikulu maningi, manzi yangankalemo myezi yambili yakalibe kupitilila."

"Myezi yambili." Ba Eunice anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye kuti moni winangu ukali mu njila."

Winfrida anali asanaganizepo zimenezo. Ankadziwa kuwerengera ulendo wa madzi kuposa aliyense pamwalapo, koma anaima chilili, mtima utadzaza chisoni ndi chimwemwe pamodzi, osadziwa choyamba kutulutsa.

Ba Eunice anadzuka, namasula chitenje chapamwamba, naphimba mabotolo aja kuti dzuwa lisawapeze, akupisira nsonga zake m'mbali ngati akufunditsa khanda. Ba Mabvuto atawerama kuti anyamule, anawamenya padzanja.

"Choka, uzagwesa. Nitwike."

Bafa litakhazikika pamutu, anatembenuka ndi thupi lonse kuti ayang'ane mwana wa mchimwene wawo.

"Ba mpingo bakafunsa, nizabauza neka kuti ni va mfunda wa manzi. Iwe ukabwelela pa sitima paja, uziyanka. Mwana wa Njobvu sapasiwa moni nonkala zii."

Anayamba ulendo wobwerera, Ba Eunice patsogolo, akuponda mosamala ngati asenza mazira, Ba Emelia pambuyo pawo akuvula magolovesi chala chimodzichimodzi. Winfrida anatsalira. Anatola mtengo wansungwi uja naugoneka pamalo pake. Kenako anagwada pamwala, nayang'ana kumunsi kwa mtsinje, naomba m'manja mofatsa monga achitira mwana polandira moni wa wamkulu.

"Naine nili bwino, ba Dadi," anatero. "Nidya."